Tchire la boma lili ndi eni ake angati? Za nkhalango, mapaki ndi madambo a muno mu Zimbabwe

Mu Disembala 2024 kunamveka kuti zipembere zinayi zafa m'mbali mwa nyanja ya Chivero, pafupi ndi Harare, zitamwa madzi oipa, pamodzi ndi mbidzi, nyumbu ndi nkhwazi. Usodzi unaletsedwa. Miyezi itatu m'mbuyo mwake boma linali litalengeza kuti lipha njovu 200 chifukwa cha chilala. Masiku omwewo, monga zimachitikira chaka chilichonse magetsi akamavuta, magalimoto a nkhuni ankalandidwa pamisewu yolowera mu Harare. M'makombi a ku Mabvuku ndi ku Mufakose funso linali limodzi: kodi malo amenewa mwini wake ndani, ndipo amene amalamula kuti ichi chitengedwe, ichi chisiyidwe, amayendera chiyani?

Ambirife timangoti zonsezi ndi "tchire la boma". Chisokonezo chimayambira pamawu omwewo, chifukwa tchire limeneli lili ndi oyang'anira osiyana, malamulo osiyana, ndipo chimene chili chololedwa pamalo ena chingakumangitseni mukangowoloka waya.

Oyang'anira anayi

Woyamba ndi Zimbabwe Parks and Wildlife Management Authority, imene anthu amangoti ZimParks. Imayendera lamulo la Parks and Wild Life Act la 1975, ndipo malo ake ndi pafupifupi mahekitala 5 miliyoni, kapena kuti magawo 13 pa 100 alionse a dziko lino. Chofunika kudziwa za bungweli n'chakuti ndalama zogwirira ntchito limazipeza lokha, kuchokera ku zolipira za pageti, ziphaso za alenje ndi asodzi, ndiponso lendi ya malo amene labwereketsa kwa a mahotela. Alendo akasowa, monga zinachitikira mu 2020, mafuta a galimoto zolondera nawonso amasowa.

Wachiwiri ndi Forestry Commission, imene inakhazikitsidwa mu 1954 ndipo imayendera Forest Act. Iyi imasunga nkhalango zachilengedwe zimene boma linazipatula, zokwana mahekitala pafupifupi 800,000, zambiri mwa izo kumchenga wa ku Matabeleland North, monga Gwaai, Ngamo ndi Sikumi, komanso Mafungautsi ku Gokwe. Imaperekanso ziphaso zodulira, zonyamulira ndi zogulitsira nkhuni ndi matabwa m'dziko lonse. Minda ya boma ya paini ndi bulugamu ya kumapiri a Manicaland inapatulidwa n'kupatsidwa kampani ya boma ya Allied Timbers. Amene amadziwa Chikangawa kumudzi ku Malawi angayerekeze ndi kumeneko.

Wachitatu ndi Environmental Management Agency, EMA, yobadwa ndi lamulo la 2002. Iyi ilibe nkhalango yakeyake. Ntchito yake ili ngati ya wapolisi wa pamsewu, amene msewu si wake koma amaimitsa aliyense. Imayang'anira madambo, moto wa tchire, zoipitsa madzi, ndipo imapereka kapena kukana chikalata chovomereza ntchito zikuluzikulu zomanga.

Wachinayi ndi makhonsolo. Harare Gardens ndi ya khonsolo ya mzinda. Kumidzi, malo ndi a boma koma ali m'manja mwa makhonsolo a madera pamodzi ndi mafumu, ndipo kumeneko lamulo la Communal Land Forest Produce Act limalola munthu kutenga mitengo yogwiritsa ntchito pakhomo pake, koma osati yogulitsa popanda chiphaso.

Tsono tabwererani ku Chivero. Nyama ndi usodzi ndi za ZimParks. Madzi amene mzinda umatunga n'kuyeretsa ku Morton Jaffray, ndiponso zonyansa zimene zimayenera kuyeretsedwa ku Firle ndi ku Crowborough zisanalowe m'mitsinje, ndi za khonsolo. Kulanga woipitsa madzi ndi kwa EMA. Chipembere chinamwa madzi amodzi, koma maofesi okhudzidwa anali atatu.

Paki si mtundu umodzi

Lamulo la 1975 linagawa malo a ZimParks m'magulu, ndipo dzina la gulu ndilo limanena zimene zingachitike mkatimo. Mu national park, monga Hwange, Gonarezhou, Mana Pools, Matusadona kapena Nyanga, cholinga ndi kusunga zonse monga zilili, alendo n'kumabwera kudzaona ndi maso. Safari area, monga Chewore, Sapi ndi Matetsi, inapatulidwa kuti muzichitikanso ulenje wolipira. Recreational park nthawi zambiri imazinga damu lalikulu, ndipo Chivero ndi imodzi mwa izo: mumaloledwa mabwato, usodzi wa chiphaso ndi malo ogona. Sanctuary imateteza nyama kapena mbalame za mtundu wakutiwakuti. Palinso minda ndi malo osungira zomera, monga Ewanrigg, kumene kuli mitundu yambiri ya aloe, kunja pang'ono kwa mzinda cha kunjira ya ku Shamva.

Kwa ife zimenezi si zachilendo kwenikweni. Mudzi wa Achewa umadziwa kusiyanitsa msitu wa kumanda, kumene sungadule ngakhale mtengo wouma popanda mawu a mfumu, ndi tchire lotolako nkhuni, ndi dambo lodyetserako ng'ombe. Kusiyana kwake ndi uku: malire a kumanda anaikidwa ndi eni mudzi, pamene malire a mapaki ambiri anajambulidwa pa nthawi ya atsamunda, pamene lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linkagawa dziko motsata khungu. Hwange inapatulidwa mu 1928. Gonarezhou inakhala national park mu 1975, anthu a Chishangani amene ankakhala m'madera ena a mmenemo atasamutsidwa. Mkangano wa anthu a mfumu Chitsa, amene anabwerera kumpoto kwa pakiyo cha m'ma 2000, unachokera pamenepo. Wina akamati malire ndi malire, wina n'kumati agogo ake anaikidwa mkati mwa wayamo, onse awiri akunena zoona.

Pulani yoyendetsera malo

Paki kapena nkhalango iliyonse imayenera kukhala ndi chikalata chonena mmene idzayendetsedwere, kawirikawiri kwa zaka 10. Kalembedwe kake kamayamba ndi kufunsa kuti malowa ali ndi chiyani chimene sichiyenera kutayika: akasupe, mitengo ya mbewu, njira za njovu, manda, mapanga a zojambula zakale. Kenako amalemba zimene zikuopseza chilichonse mwa izo. Akatero amakhala pansi ndi mafumu, khonsolo, a mahotela ndi alenje, n'kugawa malowo m'zigawo pamapu. Chigawo china sichimangidwa kanthu ngakhale msewu. China chimalola galimoto zochepa. China, nthawi zambiri cha pafupi ndi geti, chimalola nyumba, masitolo ndi misasa. China cha m'malire chimalola anthu oyandikana nawo kudzamweta udzu kapena kudzapachika ming'oma ya njuchi.

Zili ngati mmene mayi amagawira munda mvula isanagwe: apa chimanga, apa mtedza, kumunsi kwa chinyontho maungu, ndipo mbewu ya chaka chamawa siidyedwa ngakhale njala itavuta.

Pulani imafa m'njira zodziwika. Ina imalembedwa ndi katswiri wobwerekedwa, n'kukhala pashelefu mlonda wa kutchire asanaione. Ina imalonjeza ntchito za ndalama zambiri osanena kumene ndalamazo zidzachokere. Ina imaswedwa ndi chilolezo chochokera ku ofesi ina, poti pansi pa nthaka pali lamulo lake la migodi. Mu 2020 kutadziwika kuti makampani apatsidwa chilolezo chofufuza malasha mkati mwa Hwange, anthu anadandaula kwambiri, ndipo mu Seputembala nduna za boma zinalengeza kuti migodi yaletsedwa m'ma national park.

Posowa ndalama, ZimParks yakhala ikulowa m'mapangano ndi mabungwe akunja. Gonarezhou imayendetsedwa ndi Gonarezhou Conservation Trust kuyambira 2017, mogwirizana ndi Frankfurt Zoological Society. Matusadona inalowa m'pangano la zaka 20 ndi African Parks mu 2019, bungwe lomwe lija limene linatenga Majete mu 2003, kenako Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015. Malo amakhalabe a boma, malamulo ndi a boma, koma ndalama ndi kayendetsedwe ka tsiku ndi tsiku zimagawidwa.

Kudula mitengo osatha nkhalango

Nkhalango ya Forestry Commission siili ngati paki. Inapatulidwa kuti igwire mchenga, isunge mitsinje, komanso ipereke matabwa a teak ndi mlombwa, umene kuno amati mukwa. Funso la woyang'anira ndi lakuti angadule ingati pachaka nkhalangoyo osachepa.

Sangawerenge mtengo uliwonse. Amajambula mizere pamapu, ndipo pamtunda woikika amaima n'kukhoma chikhomo, n'kuzunguliza chingwe kuti apeze bwalo la kukula kodziwika. Mtengo uliwonse wa m'bwalomo amaulemba dzina, n'kuuyeza kunenepa pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, cha pachifuwa cha munthu wamkulu. Amaonanso ngati thunthu lili lowongoka, ngati lili ndi mphako, ndiponso ngati pansi pali timitengo tobwera m'mbuyo. Mabwalo mazana angapo otere amapereka chithunzi cha nkhalango yonse.

Kenako nkhalango imagawidwa m'zigawo zodula mosinthana. Tiyerekeze kuti ndi mahekitala 40,000 ndipo mitengo imafuna zaka 40 kuti yotsalayo ifike podulidwa. Ndiye kuti chaka chilichonse macheka amalowa m'mahekitala 1,000 okha, ndipo sabwereranso pamenepo mpaka zaka 40 zitatha. M'chigawomo amadula yokhayo imene yapitirira muyeso woikika, imene wa nkhalango waidinda ndi nyundo ya nambala, ndipo ina yabwino imasiyidwa dala kuti igwetse mbewu.

Zimasokonekera pati? Mitengo iyi imakula pang'onopang'ono, mamilimita ochepa pachaka, kotero kuti kulakwitsa pang'ono pakuyeza kumaoneka patapita m'badwo. Wodula amakonda thunthu lowongoka, ndipo akapanda kuyang'aniridwa nkhalango imatsala ndi mitengo yokhota yokhayokha. Misewu yokokera zipika imatsegula njira kwa moto ndi kwa otchera misampha. Paini ndi wosavuta poyerekeza, chifukwa amabzalidwa m'mizere, amapatuliridwa kawiri kapena katatu, n'kudulidwa yense ali ndi zaka pafupifupi 25. Koma moto wa tsiku limodzi umatha ntchito ya zaka zonsezo.

Mitengo imene imazungulira Harare ndi ya mtundu wina, tchire la miombo, la msasa ndi munhondo, losakanikirana ndi masuku, amene kuno amati mazhanje. Mphamvu ya miombo ili pachitsa. Mukadula bwino, pafupi ndi nthaka ndiponso mopendeketsa kuti madzi asakhale pabala, chitsa chimatulutsa mphukira zambiri. Mukasiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kuziteteza ku mbuzi ndi ku moto, tchire limabwerera popanda kubzala mbande imodzi. Chimene chimapha miombo ndi kuzula zitsa, kuotcha makala pamwamba pake, ndi moto wa mwezi wa Okutobala. N'chifukwa chake akatswiri ambiri a nkhalango amati tsiku lobzala mitengo, Loweruka loyamba la Disembala, n'labwino, koma kusamala zitsa zimene zilipo kale kumabweza mitengo yochuluka pa ndalama zochepa.

Forestry Commission imanena kuti dziko lino limataya nkhalango yokwana mahekitala pafupifupi 262,000 pachaka. Chachikulu ndi kutsegula minda ndi malo okhala. Fodya alinso ndi gawo lake, ndipo apa pali kusiyana ndi kumudzi. Fodya wa bale amauma ndi mphepo m'chigafa, pamene wa kuno amaumitsidwa ndi moto m'mabani kwa pafupifupi sabata, ndipo kilogalamu imodzi ya fodya imadya makilogalamu angapo a nkhuni. Kuyambira 2015 alimi akhala akudulidwa kandalama kobwezeretsa mitengo pa fodya amene agulitsa. Malamulo a 2012, a Statutory Instrument 116, ndiwo amafuna chiphaso kwa wogulitsa ndi wonyamula nkhuni. Galimoto imene mumaiona italandidwa pamsewu wa Domboshava kapena wa Seke yagwa pa lamulo limeneli.

Ku Mafungautsi anayesa njira ina kuyambira 1994. Midzi yozungulira inasankha makomiti opereka ziphaso zomwetera udzu wofolera ndi wa matsache, kutola nkhuni zouma ndi kuweta njuchi, ndalama zake n'kutsala kumudzi. Matabwa ndi malo olima sizinali m'panganomo, ndipo n'zimene anthu ankafunitsitsa. Itafika nthawi yogawa minda ya m'ma 2000, mabanja ambiri analowa n'kukhazikika m'nkhalangomo.

Moto

Moto si mdani nthawi zonse. Miombo inakula nawo. Chimene chimasiyanitsa ndi nyengo. Moto wa Meyi kapena Juni, udzu udakali ndi chinyontho, umayenda mwaulesi, umasiya zigamba zosapsa, ndipo usiku umazima wokha ndi mame. Moto wa Seputembala ndi Okutobala umakwera mpaka kumasamba amene angophuka kumene, aja ofiira a msasa, ndipo umapha mphukira zonse. Kafukufuku amene anayamba ku Ndola m'zaka za m'ma 1930 anaonetsa kuti malo otenthedwa mochedwa chaka ndi chaka amasanduka udzu wokhala ndi mitengo yapatalipatali, pamene otenthedwa koyambirira amakhalabe nkhalango. Choncho mukaona alonda akuyatsa okha tchire mu Juni, dziwani kuti akuchepetsa udzu umene ukanadyetsa moto woopsa.

Malamulo a EMA a 2007 amaletsa kuyatsa moto kutchire kuyambira pa 31 Julayi mpaka nyengo yotentha itatha. Mwini malo amayenera kulambula njira yotchinga moto ya mamita 9 mbali iliyonse ya malire. Njira imeneyi imalephera ikalambulidwa mochedwa, udzu wosadzulidwa ukasiyidwa mulu m'mphepete mwake, kapena ikadutsa pansi pa mitengo imene nthambi zake zikukhudzana. Ndipo tinene zoona pakati pathu: moto wambiri wa m'mbali mwa mzinda umayamba ndi osaka mbewa, ofula njuchi ndi otentha mapesi pokonza munda.

Njovu za ku Hwange

Kuwerenga nyama kumachitika ndi ndege yaing'ono youluka pafupifupi mamita 90 kuchokera pansi, motsata mizere yowongoka. Owerenga awiri amakhala kumbuyo, aliyense akuyang'ana kachigawo ka nthaka kodulidwa ndi timitengo tiwiri tomangirira kuphiko. Nyama ya kunja kwa timitengoto siiwerengedwa. Zimene apeza amazichulukitsa molingana ndi kukula kwa malo onse, ndiye chifukwa chake chiwerengero chimatuluka ndi malire a pamwamba ndi a pansi. Kalembera wa 2014 anapeza njovu zoposa 80,000 m'dziko lino. Wa 2022, wa dera la KAZA limene limaphatikiza Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe, anapeza pafupifupi 228,000 m'dera lonselo, mwa izo pafupifupi 65,000 kumbali ya Zimbabwe.

Hwange ndi yaikulu masikweya kilomita 14,651, koma mbali yaikulu ndi mchenga wopanda mtsinje wosaphwa. Kale njovu zinkabwera ndi mvula n'kuchoka m'chilimwe. Woyang'anira woyamba, Ted Davison, anayamba kukumba zitsime ndi kupopera madzi m'maiwe kuti nyama zikhale chaka chonse. Lero zitsimezo zikuposa 100, zambiri zoyendera dzuwa. Walira mvula walira matope: njovu zinakhazikika, zinaswana, ndipo njovu imodzi yaikulu imadya makilogalamu oposa 100 patsiku. Mukaima pa dziwe lopopedwa mu Okutobala mumaona fumbi lokhalokha, mitengo ya tsanya yothyoledwa pa msinkhu wa munthu, ndipo tchire lenileni limayambira patali. Kumapeto kwa 2023 mvula itachedwa, njovu zoposa 100 zinafa mmenemo.

ZimParks imati dziko lingakwanitse njovu pafupifupi 55,000. Akatswiri ena amati nambala imodzi yotere siithandiza, poti chimene chimawononga mitengo ndi kuunjikana kwa njovu pamadzi, ndipo kutseka zitsime zina ndi kutsegula njira zopita ku Botswana kungachepetse vutolo. Kupha njovu mwa dongosolo kunachitika kwambiri mpaka 1988. Kusamutsa kumadya ndalama zambiri pa njovu iliyonse. Mankhwala oletsa kubereka amagwira m'malo aang'ono a mpanda. Kugulitsa minyanga kunja kunaletsedwa ndi pangano la maiko la CITES, loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, mu 1989, ndipo ngakhale msonkhano wa panganoli umene unachitikira muno mu Harare mu 1997 unafewetsa malamulo a njovu za Zimbabwe, Botswana ndi Namibia, minyanga yoposa matani 100 idakali m'nkhokwe. Boma limati ikanagulitsidwa ikanalipira alonda. Maiko ena, monga Kenya, amati msika ukatseguka opha njovu mozemba amachuluka.

Gawo la anthu okhala ndi nyama

Lamulo la 1975 linapatsa eni mafamu mphamvu pa nyama za pamalo pawo. Mu 1982 linasinthidwa kuti makhonsolo a kumidzi nawonso athe kulandira mphamvuyo, ndipo pamenepo panabadwa CAMPFIRE, ndondomeko yoti anthu a kumidzi azipindula ndi nyama za m'dera lawo, imene inayamba mu 1989 ku Nyaminyami ndi ku Guruve. Khonsolo imabwereketsa dera kwa kampani ya ulenje, ZimParks imavomereza chiwerengero cha nyama zophedwa pachaka, ndipo ndalama zimagawidwa. Malangizo ake amati magawo 55 pa 100 apite kwa anthu a m'deralo, 26 kuntchito yosamala nyama, 15 kukhonsolo, 4 kubungwe la CAMPFIRE.

Chiwerengero cha nyama zophedwa chimakhala chaching'ono dala. Kwa njovu zamphongo za minyanga ikuluikulu sichifika imodzi pa 100, ndipo minyanga ikayamba kuchepa kulemera chaka ndi chaka, ndi chizindikiro chakuti chiyenera kutsitsidwa. Ndalamazi zamanga makalasi, zipatala zing'onozing'ono ndi zigayo. Madandaulo ake ndi odziwikanso: ndalama kuchedwa kukhonsolo, phindu kugawidwa kwa onse pamene munda wodyedwa ndi wa banja limodzi, ndi kudalira alenje a kunja amene maiko awo angatseke msika nthawi iliyonse, monga zinaonekera mkango wotchedwa Cecil utaphedwa pafupi ndi Hwange mu 2015. Mu 2022 nduna za boma zinavomereza thumba lothandiza ovulazidwa ndi nyama ndi mabanja a ophedwa.

Madambo a mu Harare

Apa ndi pamene nkhaniyi imafika pakhomo. Harare inamangidwa kumtunda kwa madzi ake omwe. Mvula yogwa padenga lanu imatsikira kumtsinje wa Mukuvisi, wa Marimba kapena wa Manyame, n'kukalowa mu Chivero, damu limene linamalizidwa mu 1952, kenako n'kupopedwa kubwerera kumpopi wanu. Pakati pa denga ndi damu pali madambo, amene kuno amati vlei.

Dambo limagwira ntchito ngati thonje lonyowa. Udzu wake wachilengedwe, wa mizu yolukana, umachedwetsa madzi kuti alowe pansi, umasefa matope, ndipo umawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Mukalima, khasu limadula mizu ija, mizere imasanduka ngalande, ndipo dothi ndi feteleza zimapita kumtsinje. Mukamanga, madzi amathamanga pa simenti n'kusefukira kumunsi, zitsime za m'makomo n'kumaphwa msanga. Feteleza uja akakumana ndi zonyansa za m'mapaipi ophulika, amadyetsa ndere zobiriwira zimene zimatulutsa poizoni, ndipo ndi zimenezo zimene zinapha zipembere za ku Chivero.

Zimbabwe inalowa m'pangano la Ramsar la madambo mu 2013 ndi malo 7, ndipo atatu mwa iwo ndi a kuno: Monavale Vlei, Cleveland Dam kumene Mukuvisi amayambira, ndi Chivero pamodzi ndi Manyame. Msonkhano waukulu wa panganoli unachitikira ku Victoria Falls mu Julayi 2025. Koma dzina la Ramsar palokha silimanga mpanda. Chimene chimateteza ndi lamulo la EMA, limene limaletsa kukumba, kukwirira kapena kumanga padambo popanda chilolezo cholembedwa, ndiponso kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje. Wofuna kumanga amayenera kulemba ntchito katswiri wofufuza mmene ntchitoyo idzakhudzire malo, kufunsa oyandikana nawo, kulandira chikalata cha EMA, ndi kupezanso chilolezo cha khonsolo. Wosakhutira angadandaule kwa nduna kapena ku Administrative Court, ndipo magulu monga Harare Wetlands Trust akhala akuchita zimenezi. Pofooka pake ndi pakuti katswiri uja amalipidwa ndi womanga yemweyo, ndipo akayendera malowo mu Seputembala, dambo limaoneka ngati bwalo louma.

Amene akufuna kuona kusiyana apite ku Monavale mu Januwale. Mbali imene anthu a m'deralo akhala akuiteteza ili ndi udzu wofika m'chiuno, madzi oyera oyenda pansi pake, achule ndi mbalame zobisala zimene zimabwera kudzaswana nyengo ya mvula. Kungodutsa pang'ono pali mizere ya chimanga ndi madzi ofiira. Komabe mayi amene walima chimangacho sanalime mwamwano. Ndi matumba awiri kapena atatu amene adzafikitse ana ake ku Ogasiti, ndipo mabanja ambiri a kwathu, amene makolo awo anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini, alibe mudzi muno wokalimako. Ku Mukuvisi Woodlands, mahekitala pafupifupi 260 a miombo amene atsala pakati pa mzinda, vuto ndi lomwelo koma la nkhuni.

Zimene sizinayankhidwe

Ngati kulima m'dambo kuyenera kutha, olimawo apatsidwe malo ati, ndipo n'chilungamo kudula chimanga cha wosauka pamene nyumba zikuluzikulu ndi masitolo omangidwa padambo ndi mapepala onse zili chilili? Malo amodzi akakhala ndi maofesi atatu, ndani ayenera kukhala ndi mawu omaliza, ndipo ndani alipire madzi akaipa?

Za njovu, akatswiri sanagwirizane ngati vuto ndi kuchuluka kwake kapena ndi zitsime, ndipo maiko sanagwirizane za minyanga. Mabanja amene akhala m'nkhalango za boma zaka zoposa 20 achotsedwe, avomerezedwe, kapena malire ajambulidwenso? Mapangano ndi mabungwe akunja akadzatha, mapaki adzatha kudzilipirira okha?

Palinso malonda atsopano a kaboni, momwe makampani akunja amalipira kuti nkhalango isadulidwe. Ntchito yaikulu ya mtunduwu ku Kariba inakayikiridwa mu 2023 pa kawerengedwe kake, ndipo chaka chomwecho boma linakhazikitsa malamulo otenga gawo la ndalamazo. Funso limene CAMPFIRE yakhala nalo kuyambira 1989 labwereranso pamenepa: pa ndalama imene yalipidwa chifukwa cha mtengo woimirira, ndi zingati zimene zidzafike kwa munthu amene wauleka osaudula?